Kukafuna Mng'ono wa a Sandhu ku Sila

Ulendo wautali kuposa onse umene ndayendapo m'dziko la Aluyali ndinauyenda ndi dzina limodzi lokha m'thumba. Ndinalibe nambala ya foni, ndinalibe adiresi, ngakhale chithunzi cha munthu amene ndinkakamufunayo ndinalibe. Ndinali ndi kapepala kamene ndinalembapo kuti "Sandhu", ndipo panthawiyo ndinkaona kuti n'zokwanira.

Ndimagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa kampani ina yaing'ono ku Al Garhoud, kufupi ndi bwalo la ndege la Dubai. Kwa zaka zinayi ndinkayenda pa vani imodzi ndi dalaivala wachikulire wochokera ku Punjab, ku India, bambo wa ndevu zotuwa ndi nduwira yabuluu kumutu. Pa baji yawo panalembedwa kuti Sandhu, koma tonse tinkangowatcha Paaji, mawu a kwawo oitanira mkulu wako. Ndi iwo amene anandiphunzitsa misewu ya mzinda uno, kumwa tiyi wa karak, ndi kutseka pakamwa bwana akapsa mtima. Pakampanipo analipo okha a ku Punjab, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo munthu wina wa dzina limenelo.

Lachinayi lina masana Paaji anagwa pageti akutsika m'vani. Anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatheratu. Foni yawo inali yokiya ndi manambala amene palibe ankawadziwa, ndipo nambala ya ku India imene inali ku ofesi inali itasiya kale kugwira ntchito. Loweruka madzulo, nditapita kukawaona, dokotala anandikokera pambali.

"Ngati ali ndi abale, abwere tsopano," anatero. "Musadikire sabata yamawa."

Ndinatuluka m'chipatalamo. Kwathu ku Mchinji munthu amene ali ndi m'bale padziko satsirizika ali ndi anthu akuntchito okha, ndipo zinkandiwawa kuti bambo amene ankandigawira chakudya chawo tsiku ndi tsiku apite chotero. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti Paaji ankakamba za mng'ono wawo. Ankati amayendetsa thiraki yopita ku Saudi, anameta tsitsi ndipo savala nduwira, zimene zinkawadandaulitsa kwambiri, komanso kuti akamachoka kumalire amakonda kupuma ku Sila, pa kanyumba ka tiyi pafupi ndi pothirira mafuta. Dzina lake loyamba sindinafunsepo. Ndinadziuza kuti palibe vuto, Sandhu ndi Sandhu, ndikangofika n'kutchula dzinalo wina adzandilozera munthu wake.

Lamlungu ndi tsiku langa lopuma, choncho ndinadzuka mbandakucha kuti ndipeze sitima yoyamba ya Metro. Ndinapeza zitseko za siteshoni zili chitsekere. Zaka zonsezi ndinali ndisanadziwe kuti Lamlungu sitima imayamba eyiti koloko, chifukwa Lamlungu nthawi imeneyo ine ndimakhala ndikuliza mkonono. Ndinakhala pamasitepe maola awiri ndikuwerenga kapepala kanga ka mawu amodzi, dzuwa la mwezi wa Juni likuyamba kale kuluma pakhosi.

Ku siteshoni ya Ibn Battuta ndinapeza basi ya ku Abu Dhabi ili pafupi kudzaza. Ndinakhala ndi bambo wina wa nduwira yachikasu amene ankapita ku Mussafah, kufupi ndi Abu Dhabi, ndipo nditaona nduwirayo mtima unandiuza kuti ndiyese mwayi. Ndinamuonetsa kapepala kaja.

"Sandhu?" anatero akumwetulira. "Mayi anga ndi Sandhu."

Ndinatsala pang'ono kudumpha pampando. Ndinangoti Mulungu ndi wamkulu, ulendo wathera pa Jebel Ali pomwe, tisanatuluke n'komwe mu Dubai.

"Kapitawo wathu nayenso ndi Sandhu," anapitiriza. "Ndi amene amagona pabedi la pamwamba pa langa. Ukufuna uti?"

Ndinamufotokozera za Paaji, za ndevu zotuwa, za vani yathu. Anapukusa mutu mwa njira yawo ija imene sudziwa ngati munthu akuvomera kapena akukana, kenaka anavala zomvera m'makutu n'kugona. Ine ndinaganiza kuti ndi anthu aja okonda kudzionetsa kuti amadziwana ndi aliyense. Sindinafune kuganiza china, chifukwa china chilichonse chikanandibweza panjira.

Ku Abu Dhabi tinafika cha m'ma leveni. Basi ya ku Ruwais, tauni ya panjira ya ku Sila, inali itaima, injini ikulira. Ndinathamanga, n'kugunditsa khadi langa pa kamakina ka pakhomo, kamakinako n'kulira mokana. Ndinagunditsanso, kanakananso. Dalaivala anandiyang'ana ngati mwana amene wabwera kusukulu ndi yunifolomu ya sukulu ina.

"Limenelo ndi la ku Dubai," anatero. "Kuno tili ndi lathu. Yalla, fulumira, kagule."

Pamene ndinkamaliza kulimbana ndi makina ogulitsa makhadi, amene anandilavulira ndalama yanga yapepala katatu, basi inali itapita. Ina inali ya hafu pasiti thwelofu. Ndinakakhala m'chipinda chodikirira, mozizira ngati m'firiji ya nyama, n'kuyamba kudzitukwana ndekha mokweza pang'ono m'chilankhulo chathu, poganiza kuti palibe akumva.

"Imwe, ni ndani wamene mutukwana so m'mawa muno?"

Anali mayi wina wovala jekete, amene anakhala mpando wachitatu kuchokera pa ine atakumbatira jumbo ya ufa. Anati ndi mayi Tembo a ku Chipata, koma anakulira ku Lusaka, ndipo amagwira ntchito yochapa pa hotelo ina kufupi ndi Ruwais. Nditawauza kuti ndine Phiri wa ku Mchinji anawomba m'manja.

"Ah, ndimwe ba malume! Amai banga ni ba Phiri. Manje muyenda kuti na nkhope ya maliro?"

Ndinawafotokozera zonse, ndipo pomaliza ndinawaonetsa kapepala kaja monyadira. Anakatembenuza kuti aone ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe.

"Zina yake yoyamba?"

"Sindikulidziwa."

"Kampani yamene asebenzela? Namba puleti ya thiraki?"

"Ayi."

"Ba Phiri, imwe," anatero atagwira pachibwano. "Munthu angachoke ku Chipata kubwela ku Lilongwe na kapepala kolemba ati Phiri, afike pa depoti ayambe kufunsa? Simungamuseke?"

Ndinawauza kuti zimenezo n'zosiyana. A Phiri ndife ambiri, aliyense amadziwa. Koma Sandhu, pa zaka zinayi zonse, ndinali nditakumana ndi mmodzi yekha.

"Pa hotelo pathu pali babili," anatero mayi Tembo. "Wina ni wa sekyulite, wina apanga ma eyakoni. Inshallah muzamupeza, koma ine nakuuzani."

Anandigawira mandasi amene anakazinga kwa mnzawo ku Dubai, ndipo ndinadya mutu uli balala. Ndinawerenga: mayi wa bambo wa m'basi uja, kapitawo wake, wa pabedi la pamwamba, awiri a ku hotelo. Asanu, ndisanafike n'komwe. Ndinaganiza zobwerera, koma kubwerera kunali kukaima pambali pa bedi la Paaji chimanjamanja, ndipo zimenezo sindikanatha.

M'basi ya ku Ruwais amayi amakhala kutsogolo, choncho mayi Tembo ndinkangowaona chitenje cha kumutu. Msewu wake ndi wowongoka mpaka kutopetsa maso, mchenga uku, mchenga uku, mawaya a magetsi ndi mathiraki osatha. Titadutsa Tarif kunayamba mphepo ya fumbi, dziko lonse linasanduka lofiirira, ndipo dalaivala anaimika basi pambali kwa mphindi makumi anayi. Palibe anadandaula kupatula ine. Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Nepal amene anali kuchipatala tsiku limenelo, iye n'kundiuza kuti Paaji akupuma movutikira koma maso akutsegula. Titanyamukanso ndinayamba kuwerenga zolemba pa magalasi a mathiraki amene tinkawapitirira. Pa ina ndinaona dzina lija litamatidwa ndi zilembo zofiira. Ndinaimirira kuti ndiuze dalaivala aime, koma ndisanafike kutsogolo tinapitirira inanso ya dzina lomwelo, ya mtundu wina. Ndinabwerera pampando mwakachetechete.

Ku Ruwais mayi Tembo anatsika, n'kundilembera nambala yawo kuseri kwa kapepala kanga.

"Mukasoba, tumani foni," anatero. "At least apa pepala yanu yankhala na namba."

Kabasi ka ku Sila ndinakadikira ola lathunthu, ndipo ndinafika cha m'ma seveni, malaya atamatirira kumsana. Pothirira mafuta ndinapapeza mosavuta. Koma tinyumba ta tiyi tinalipo tinayi, tonse todzaza madalaivala, ndipo kuseri kwake kunali bwalo la mathiraki lalikulu kuposa msika wa ku Mchinji. Ndinalowa m'kanyumba koyamba n'kufunsa mwini wake ngati akumudziwa Sandhu. Anangotembenukira kwa anthu n'kukuwa kuti, "Sandhu!"

Anthu atatu anatukula mitu. Wachinayi anasuzumira pawindo kuchokera panja, kapu ili m'manja.

Ndinangoima pakati pa chipindacho. Kenaka nzeru zinabwerako pang'ono. Awiri anali ndi nduwira, choncho ndinawachotsa. Wapawindo anali wamng'ono kwambiri. Anatsala mmodzi, bambo wa zaka ngati makumi asanu, wometa bwino, wa mapewa aakulu ndi mphuno imene, kunena zoona, inkafanana ndi ya Paaji. Ndinapita pa tebulo lake.

"Muli ndi mkulu wanu ku Dubai?" ndinafunsa m'Chingerezi chathu chapamsewu.

"Eya."

"Amayendetsa vani? Wa ndevu zotuwa?"

"Eya, eya. Bwanji?"

Mtima wanga unakhala pansi koyamba tsiku limenelo. Tsono kwathu uthenga wa matenda aakulu sitimangouponya munthu ali chiimire kapena ali pagulu. Ndinamupempha kuti tituluke. Ndinamupezera pokhala pa tayala lakale kuseri kwa kanyumbako, ine n'kunjuta pansi patsogolo pake, n'kuvula kapusi. Ndinayamba ndi kumufunsa za ulendo wake ndi za ana kumudzi. Kenaka ndinati ndachokera kutali, ndatumidwa ndi zinthu zosakhala bwino. Ndinati akulu ake ndi munthu wabwino kwambiri, anandisunga ngati mwana wawo. Ndinati tonse ndife a Mulungu.

Sindinafike n'komwe pa mawu akuti chipatala. Bamboyo anagwira mutu ndi manja onse n'kulira kulira kwa mwamuna wamkulu, kumene kumachititsa mantha. Madalaivala anatuluka m'tinyumba tonse tinayi. Ndinkayesa kunena kuti ayi, ali moyo, akupuma, koma mawu anga ankamira m'phokosomo. Wina anamulanda foni n'kuimbira mkulu wakeyo. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, sinayankhidwe, ndipo kulira kunakula. Kachitatu munthu anayankha, pa vidiyo, akutafuna. Anali bambo wa ndevu zotuwa ndithu, wonenepa, wovala kachipewa koyera ka Chisilamu, atakhala pamphasa ndi mbale ya mpunga. Sindinali nditamuonapo chibadwire.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinaganiza kuti lero ndimenyedwa, ndipo ndinaona kuti akandimenya sadzalakwa.

Bamboyo anapukuta nkhope ndi malaya, anayankhula ndi mkulu wake pang'ono, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sandhu wako ndi wa mudzi uti?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"India kapena Pakistan?"

"India. Kodi ku Pakistan aliponso?"

Wina kumbuyo anayamba kuseka, kusekako n'kufalikira bwalo lonse, mpaka wolira uja nayenso anaseka misozi ikadali m'masaya. Anati dzina lake ndi Rafiq, ndi Msilamu wa kufupi ndi Kasur ku Pakistan, ndipo ndi Sandhu kuyambira kwa agogo a agogo ake. Ndinkadziwa kuti Paaji ndi Msikhi, amapemphera atavala nduwira ndipo fodya sayandikira. Zinkatheka bwanji kuti Msilamu wa dziko lina akhale ndi dzina lomwelo, osati lobwereka koma lakelake?

Anandikhazika pansi n'kundigulira tiyi, ine amene ndinali nditangomuphera mkulu wake. Ndinafotokoza nkhani yonse, ulendo uno mosazungulira. Madalaivala a nduwira aja anafunsana, anaimba mafoni angapo, koma aliyense ankabwerera ku funso lomwelo la mudzi. Anati Sandhu wometa woyendetsa thiraki ya ku Saudi, aliyense wa iwo akudziwa asanu kapena khumi.

"Pasipoti yake ili kuti?" anafunsa Rafiq.

"Kope lake lili ku ofesi."

"Tsamba lomaliza la pasipoti ya ku India limakhala ndi dzina la bambo ake ndi mudzi wake. Simunayang'ane?"

Sitinayang'ane. Tonse pakampani paja tinkangolimbana ndi nambala yakufa ija ndi foni yokiya. Ndinaimbira mayi wa ku ofesi nthawi yomweyo, koma linali Lamlungu, ndipo anati makiyi a kabati ali ndi bwana mpaka m'mawa. Basi yobwerera inali itapita. Rafiq anati thiraki yake ilibe katundu, akupita ku Jebel Ali kukacha, ndigone pampando wa kutsogolo tidzapitire limodzi.

Tinanyamuka kusanawale bwino. Thiraki siyenda ngati basi, ndipo ili ndi misewu yake ndi maola ake, kotero ulendo wobwerera unatalika kuposa wopita. Ndipo m'menemo ndi mmene ndinaphunzira za dzina limene ndinayenda nalo m'thumba tsiku lathunthu osalidziwa.

Rafiq anati Sandhu si dzina la banja limodzi. Ndi mfunda wa alimi a ku Punjab otchedwa Ajati, ndipo ndi umodzi mwa mifunda yawo ikuluikulu. Anati kwawo kuli midzi imene kuyambira nyumba yoyamba mpaka yomaliza onse ndi a Sandhu, moti ukaitana dzinalo pamsewu ngakhale njati imatembenuka. N'chifukwa chake munthu amadziwika ndi mudzi wake ndi dzina la bambo ake. Ndinafunsa tanthauzo lake. Anati akuluakulu amasiyana. Ena amati linachokera ku Sindhu, dzina lakale la mtsinje waukulu wa Indus, ndiye kuti ndi anthu a kumtsinje. Ena amati Sandhu linali dzina la kholo lawo limene ana ake anabalalika m'chigwa chonse cha pakati pa Lahore ndi Amritsar.

"Nanga zoona ndi ziti?" ndinafunsa.

"Agogo anga ankanena zonse ziwiri, malinga ndi amene akumvetsera," anatero.

Za chipembedzo anati mfunda unayamba kale, zipembedzo zinaupeza. Ena analowa Chisilamu, ena Chisikhi, ena anakhalabe Ahindu, koma dzina palibe analitaya. Kenaka Angerezi pochoka anadula Punjab pakati, mzere n'kudutsa m'minda ya a Sandhu. Asilamu anathawira uku, Asikhi anathawira uko, ndipo anthu ambiri anafera panjira. Pamenepo anatsegula wailesi, n'kuitsekanso. Anati lero a Sandhu ali ku Canada, ku England, ndi m'mathiraki onse a msewu uno, koma chifukwa cha mzere uja iye sangapite kumudzi wa Paaji ngakhale utakhala pafupi ndi kwawo kuposa mtunda umene tayenda kuchokera ku Sila.

Ndinamuuza kuti nafenso a Phiri tili ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo dzina lathu limangotanthauza phiri. Ndinamuuzanso kuti kale Phiri sankakwatira Phiri.

"Asikhi a Sandhu mpaka lero sakwatirana okhaokha," anatero. "Amati ndi mlongo wako. Ife Asilamu timakwatirana. Mkazi wanga ndi Sandhu."

"Ndiye inu ndi Paaji ndinu abale kapena ayi?"

Anaganiza mpaka tinapitirira mathiraki awiri.

"Akabwera kwathu, adya. Akamwalira pafupi ndi ine, ndinyamula. Koma sindikumudziwa."

Yankho limeneli silinandithandize, ngakhale kuti ndikanafunsidwa za Phiri wa ku Tete ndikanayankha chimodzimodzi. Kenaka anandicheukira n'kundifunsa funso limene ndinkaliopa. Anati popeza inenso ndine wa mfunda waukulu chotero, ndinaganiza bwanji kuti ndingapeze munthu ndi dzina lokha? Zoona zake n'zakuti ndinkaganiza kuti mifunda ndi yathu yokha, anthu a mayiko ena ali ndi maina basi.

Cha m'ma naini, tili kufupi ndi Mirfa, mayi wa ku ofesi anatumiza chithunzi cha tsamba lija. Rafiq anaimika thiraki pambali, anawerenga dzina la mudzi ndi la bambo a Paaji mokweza, n'kujambula mawu ake kutumiza kwa madalaivala a nduwira aja a ku Sila. Iwo anatumiza ku magulu awo a pafoni. Anandiuzanso, mosakalipa, kuti ku Jebel Ali kuli kachisi wa Asikhi kumene nkhani ngati iyi akanaithetsa tsiku limodzi, ndipo basi yanga ya dzulo inadutsa chapafupi.

Tisanafike ku Mussafah foni inalira. Mng'ono wa Paaji anali atapezeka. Kuchokera pamene mudzi unadziwika sipanathe maola atatu. Koma sanali ku Sila kapena kumalire. Anali kufupi ndi Jeddah, kutsidya lina la Saudi, akudikira kutsitsa katundu. Ndinamva mawu ake pa foni ya Rafiq, akufunsa mafunso mothamanga m'chilankhulo chawo. Anati asiya zonse anyamuke, koma ndi mtunda umenewo ndi mzere wa pamalire, sangafike Lachitatu lisanakwane.

Tinasiya thiraki ku Jebel Ali dzuwa litapendeka. Ndinathokoza Rafiq n'kumutsanzika, koma iye anatseka chitseko cha thiraki n'kunditsatira ku siteshoni ya Metro.

"Wandiliritsa kale chifukwa cha munthu ameneyu," anatero. "Ndikamuone."

Paaji tinawapeza maso ali otsegula, tsitsi lawo lalitali litamangidwa ndi kansalu ka chipatala. Atandiona anaphethira. Ataona Rafiq anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ananso ine, ndipo ndinadziwa kuti akufunsa kuti uyu ndiye ndani. Rafiq anakoka mpando, anawagwira dzanja lamanzere limene linkagwirabe ntchito, n'kuyamba kuyankhula Chipunjabi. Ndinamva akutchula dzina lija, kenaka Kasur, kenaka mudzi wa Paaji, kenaka Jeddah. Kwa masiku anayi bambo aja anali asanamve mawu amodzi a chilankhulo chawo. Misozi inatsika m'diso lamanzere kulowa m'ndevu, ndipo dzanja lija silinamusiye Rafiq mpaka namwino anatitulutsa.

Lachiwiri Rafiq anapempha tsiku kwa bwana wake n'kubweranso. Ine ndinali kuntchito, kubweza tsiku limene ndinajomba. Cha m'ma fili koloko masana anandiimbira. Sanandizungulire ngati mmene ndinachitira ine.

"Phiri, Paaji wapita. Ndinali naye."

Mng'ono wawo anafika Lachitatu m'mawa, maso ali ofiira, fumbi la msewu likadali m'malaya. Anali wamfupi, wosafanana n'komwe ndi Paaji, moti ndikanakumana naye ku Sila ndikanamudutsa. Anakumbatirana ndi Rafiq pakhonde la chipatala nthawi yaitali. Kenaka anabwera kwa ine, anandigwira manja onse awiri, n'kunena kuti wamva zoti ndinayenda mpaka kumalire chifukwa cha mkulu wake, ndipo sadzaiwala.

Ndinayang'ana pansi. Tsamba lija linali m'kabati ya ku ofesi kuyambira Lachinayi, masitepe khumi kuchokera pamene Paaji anagwera. Ndikanafunsa za mudzi tsiku limenelo, monga mmene ndikanafunsira za Phiri aliyense, munthuyu akanapeza mkulu wake maso akadali otsegula. Rafiq ankazidziwa zimenezi, ndipo anangoyang'ana kumbali.

"Anavutika?" anafunsa mng'onoyo. "Anandifunsa?"

"Anamva kuti mukubwera," ndinatero. "Anakudikirani mpaka dzulo masana."